Dzanja la Pamsana pa Bwanamkubwa

MUTU 6

1. Chidindo

Kodi ndi dzanja la ndani limene lingasiye chidindo pamsana pa mwana wa zaka ziwiri, zala zonse zisanu n'kumaoneka ngati wazijambula ndi cholembera? Owerenga, yesani kulota. M'nyumba imene tikunenayi munkakhala anthu akuluakulu anayi, koma maso onse adathamangira pa dzanja limodzi lokha.

Lidali Lolemba madzulo. Kamphuno, mtsikana wa Fomu 3, adali atangofika kuchokera kusukulu. Dzinali adampatsa ndi azakhali ake, chifukwa ankatha kununkhiza botolo lotseka n'kunena zimene zili m'katimo. Asadavule n'komwe nsapato, adamva azakhaliwo akukuwa kuseri kwa nyumba.

"Mayo ine! Kamphuno, thamanga udzaone!"

Pabwalo la simenti padali beseni la madzi. Pambali pake padaima Bwanamkubwa, mwana wa achimwene ake a Kamphuno, ali chibadwire. Ankamutchula choncho chifukwa cha kamimba kake ndi kuyenda kwake kotukumuka. Koma tsikuli sadatukumuke. Ankalira chapansipansi, akuyesa kukanda msana.

Pakati pa mapewa ake padali dzanja. Chikhatho chidali chofiira, ndipo m'zala mudatuluka timatuza. Zala zinayi zidali zowongoka, koma chaching'ono chidapatukira pambali.

"Taona," adatero azakhali. "Mbama yake mpaka chala kuterereka!"

Alamu ake a Kamphuno adali atagwada pafupi ndi beseni, sopo ali m'manja. Adali atangotha miyezi isanu pabanjapo. Bwanamkubwa sadali wobereka iwo. Mayi ake adamwalira iye akuyamwa, ndipo alamuwo adachita kum'peza. Amuna awo, amene ankayendetsa lole, adali paulendo kwa sabata yathunthu.

"Nanenso ndangoziona pompano pomuvula," adatero alamuwo. "Dzulo ankangokanda, ndimayesa ndi thukuta. Tiyeni timutengere kuchipatala."

"Kuti mukawanamize anamwino kuti wagwa?" adayankha azakhali. Kenaka adawerama. "Bwana wanga, wakumenya ndani?"

"Mama," adatero mwanayo.

Tsono Bwanamkubwa ankati "mama" kwa aliyense. Mphaka adali mama, wogulitsa makala adali mama, ngakhale wailesi idali mama. Onse ankadziwa zimenezi ndipo masiku ena ankaseka nazo. Tsikuli palibe adaseka.

2. Mabotolo awiri

Kuti timvetse nkhaniyi, tiyambe talowa m'kachipinda ka kumaso kwa nyumbayo, koyang'ana kumsewu. M'menemo ndi m'mene azakhali ankapangira sopo, mafuta odzola ndi pafyumu. Mudali mashelefu atatu, sikelo yaing'ono, timabotolo tosawerengeka ndi kabati wachitsulo wokhoma. Fungo la mandimu ang'onoang'ono obiriwira aja lidalowerera mpaka m'makatani.

Kamphuno ankakonda kachipindako kuposa malo ena onse. Ankaphunzira ntchitoyo akaweruka kusukulu, ndipo ankafunitsitsa kudzakhala wopanga pafyumu. Tsiku limene azakhali adamupatsa kiyi wa chitseko, adamumangirira pa chingwe n'kumuvala m'khosi. Tsiku lomwelo adamuonetsa mabotolo awiri.

"Tchera khutu, mwana wa mchimwene wanga. Onsewa ndi mafuta a makoko a mandimu, koma si pachibale. A m'botolo loyerali ndi otcheza ndi nthunzi. Ndi ofatsa. Timadontheza pang'ono m'mafuta a mpendadzuwa, munthu n'kudzola. Timadonthezanso m'madzi otentha kuti chipinda chinunkhire, wotopa apezeko mpumulo. Koma a m'botolo lakudali ndi ofinya kuchokera m'makoko aawisi. Kununkhira kwake kulibe mnzake, n'chifukwa chake ndimawasunga. Amenewa amakhala m'kabati. Tsiku limene udzawagwire ine kulibe, kiyi wangayo udzamuika patebulo pano, ndipo mwendo wako sudzapondanso muno."

"Chifukwa chiyani, azakhali?"

"Ukadzakhwima pa ntchito ndidzakuuza. Mwana safunsa chimene mpeni wathwera, amangousiya."

Kamphuno adamvera. Botolo lakuda sadaligwire. Koma mphuno yake sidaiwale fungo lija, ndipo pafyumu amene ankayesa kupanga ndi mafuta otcheza ankamveka wozizira.

Loweruka lapitalo mwayi udapezeka. Azakhali adapita kukagula mabotolo, ndipo alamu adapita kumsika, n'kumusiyira mwana. Kamphuno adatulutsa mandimu amene adabisa m'chikwama cha sukulu. Adakhala pamthunzi kuseri kwa khitchini, napala makoko ake obiriwira, nawakulunga m'kansalu, nayamba kufinya ndi manja. Idali ntchito yowawa. Bwanamkubwa ankangomusokoneza, mpaka iye adamuthamangitsa kuti akasewere pabwalo. Pomaliza adapeza timadontho tosadzaza n'komwe chitsekerero cha botolo. Adalowa m'nyumba, nasamba m'manja ndi sopo kuti fungo lisamuulule, nabisa kabotolo kake m'sokosi.

Mtima wake udali m'malo. Lamulo linkanena za botolo lakuda, ndipo iye sadaliyandikire n'komwe.

3. Maso a pazenera

Kuyambira Lolemba lija, nyumba idasanduka ya manong'onong'o. Azakhali adatenga Bwanamkubwa kuti azigona kuchipinda kwawo. Chakudya chimene alamu aphikira mwanayo, azakhali ankayamba achinunkhiza. Alamu akalowa m'khitchini, nkhani inkaduka.

"Iwe Kamphuno," adatero azakhali Lachiwiri m'mawa, atatseka chitseko cha kachipinda kaja. "Maso ako ndi akuthwa ngati mphuno yako. Sudaonepo kanthu?"

Kamphuno adaganiza pang'ono. Iye ndi alamu ake sankadana. Alamuwo ankamuluka tsitsi, ndipo ankamuseka chala chake chaching'ono cha kumanja, chimene chidapindika chitathyoka posewera netibo. Ankati chalacho chili ngati munthu wonyanyala amene wakana kukhala ndi abale ake. Koma tsopano zonse zimene alamuwo adachitapo zidayamba kuoneka mwina.

"Dzulo m'mawa ndikupita kusukulu ndinawamva akumukalipira," adatero Kamphuno. "Anataya shuga. Iwo anati, ‘Iwe Bwanamkubwa, ndikukwapula lero!’"

"Ehe! Ndinanena ine!" Azakhali adaomba m'manja kamodzi. "Mwana wa mwini ndi wa mwini basi. Kuseka konse kuja kunali kwa pamaso. Mawu amenewa udzawanene achimwene ako akabwera, wamva?"

Kamphuno sadanene kuti alamuwo adalankhula mawuwo akuseka, ndiponso kuti azakhali eni ake ankanena mawu omwewo kasanu pa tsiku.

Masana azakhali adaimbira foni achimwene. Madzulo nkhani idali itafika kale kwa anthu oyandikana nawo. Mayi wina adabwera kudzabwereka sefa, koma maso ake adali pamsana pa mwana. Wina adabwera kudzabweza sefa imene sadabwereke. Kamphuno adapatsidwa ntchito yosuzumira pazenera. Adaona alamu akuchapa timalaya ta Bwanamkubwa, akutiyanika bwinobwino, kenaka akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Akulira," adakanena motero.

"Misozi ya wogwidwa," adayankha azakhali.

Pofuna kutsimikiza, azakhali adapita okha kwa alamuwo. "Apongozi, ngati si inu, bwerani muike dzanja lanu pamenepa tiyeze."

Alamu adaimirira pang'onopang'ono. "Dzanja ili lamusambitsa miyezi isanu. Lamudyetsa, lamupukuta mamina. Lero mukufuna kuliyeza ngati la mbala? Ayi, amayi. Sindiika."

"Waona?" azakhali adanong'oneza Kamphuno pambuyo pake. "Wosalakwa akanakana chifukwa chiyani?"

4. Mafuta amene amajambula

Lachitatu Kamphuno adaweruka msanga. Achimwene ankayembekezeka kufika masana omwewo. Podutsa pakhomo pa chipinda cha alamu, adaona chikwama chachikulu chili pabedi, chodzaza kale.

Adalowa m'kachipinda kogwirira ntchito n'kuyamba kumata mapepala pamabotolo. Posakhalitsa mudalowa mayi wa saluni ya patsidya pa msewu, munthu wa phokoso ndi zibangili zambiri.

"Amayi a mafungo, muli bwanji? Lero ndabwerera a m'kabati aja. Makasitomala anga akuti otchezawa sakumveka. Ndikufuna ndiziwapaka kumaso ndi m'khosi akamatuluka, msewu wonse udziwe kuti achokera kwa ine."

"Mukufuna makasitomala anu adzakuthamangitseni ndi zipeso?" adafunsa azakhali.

"Aa, inunso! Mandimu omwewa timadya tsiku ndi tsiku?"

Azakhali adakoka mpando. "Khalani pansi, mnzanga, ndikuuzeni, chifukwa inu ndinu wamkulu ndipo mumagwira makungu a anthu." Adapinda mkono wa bulauzi yawo. Kuyambira pachigongono kutsikira kudzanja kudali mzere wakuda, wooneka ngati njira imene dontho lidayendamo.

"Ichi ndinachipeza ndikuyamba kumene ntchito. Mafuta ofinya ali ndi mnzake amene akakumana naye amayatsa moto, ndipo mnzakeyo ndi dzuwa. Paokha sapweteka. Mukhoza kudzola, osamva kanthu, n'kumati amayi aja amangotiopseza. Koma mukatuluka nawo padzuwa, khungu limapsa. Choipa chake n'choti sapsereza pompo. Amadikira. Mawa pamayamba kuyabwa, mkuja pamafiira n'kutuluka matuza, kenaka pamada. Pofika nthawi imeneyo munthu waiwala kale zimene anagwira, ndiye amayamba kunamizira sopo, kunamizira chakudya, kunamizira anthu.

"Ndipo mafutawa amajambula. Pamene akhudza ndi pomwepo pamene pamapsa, osapitirira. Likayenda dontho, mudzaona njira ya dontho. Mukapaka ndi chala, mudzaona chala. Musaganizenso kuti vuto ndi botolo. Vuto lili m'khoko. Ngakhale amene amafinya mandimu pakhomo, akapanda kusamba n'kukhala padzuwa, zimamuchitikira. Chikhatho chimapulumuka chifukwa khungu lake ndi lolimba, koma pankhope, m'khosi, kapena pakhungu lanthete, ayi ndithu. N'chifukwa chake zodzola zonse ndimathira otcheza. Ofinyawa ndi a makandulo ndi onunkhiritsa m'nyumba basi."

"Eee, mwandipulumutsa," adatero mayi wa saluni. "Ndikanasandutsa akwatibwi a anthu kukhala mbidzi!"

Onse awiri adaseka. Kamphuno sadaseke. Pepala limene adagwira lidamatirira chozondoka.

Adawerenga masiku ndi zala. Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Ndipo adakumbukira chimene sadachiganizirepo masiku onsewo. Loweruka lija kudatentha kwambiri, moti Bwanamkubwa ankayenda wopanda malaya. Atabwera kachitatu kudzalanda ndimu, Kamphuno adamutembenuza, naika dzanja lake lonyowa pamsana pake, namukankha pang'ono. "Pita uko, bwana, kasewere padzuwa!" Mwanayo adapita akuseka, ndipo adasewera pabwalo mpaka alamu atabwera.

Azakhali sadaganizire za mafutawo ngakhale pang'ono. Kabati adali wokhoma, ndipo mwana sankalowa m'kachipindako. Komanso mtima wawo udali utapeza kale wolakwa.

Kamphuno adagwira kiyi wa m'khosi mwake. Palibe adamuona Loweruka lija. Makoko adawataya kutali. Akadangokhala chete, mawa akadatsekula chitseko chomwecho monga mwa masiku onse.

Panja padamveka kulira kwa lole.

5. Pabalaza

Achimwene adalowa ali ndi fumbi mpaka m'nsidze. Sadapemphe n'komwe madzi. Adanyamula mwana wawo, nakweza kamalaya kake, nayang'ana nthawi yaitali. Chidindo chija chidali chitayamba kuda, ndipo chinkaoneka bwino kuposa kale.

Onse adakhala pabalaza, kupatula alamu, amene adaima pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamapazi awo.

"Mayi a kunyumba," adatero achimwene motsitsa mawu, "ndiuzeni zoona. Ndikhululuka, koma ndiuzeni."

"Mukhululuka chiyani, bambo? Mwafunsa kale ngati munthu amene wagamula."

"Pali mboni," adalowerera azakhali. "Kamphuno, nena zimene unamva Lolemba m'mawa."

Kamphuno adaimirira. Adayang'ana alamu ake, koma iwo adali atayang'ana kukhoma. Adathamangira kuchipinda kwake, nabwera ndi sokosi. Adatulutsamo kabotolo kaja n'kukapereka kwa azakhali ndi manja awiri.

"Tanunkhizani, azakhali."

Azakhali adatsekula. Mphuno yawo sidafune kuuzidwa kawiri. "Awa ndi ofinya. Wawatenga kuti? Kabati ndi wokhoma!"

"Ndinafinya ndekha Loweruka, kuseri kwa khitchini. Bwanamkubwa anali wosavala malaya. Ndinamukankha ndi dzanja lonyowa kuti akasewere padzuwa. Sindinkadziwa kuti amawotcha. Ndamva lero, pamene mumauza amayi a saluni. Alamu sanamumenye. Ndipo Lolemba lija ankanena akuseka. Zimenezo ndinakubisirani."

Onse adayang'ana Kamphuno. Ngakhale Bwanamkubwa adasiya kuseweretsa kolala ya bambo ake.

"Bodza," adatero azakhali, koma mawu awo adali atachepa mphamvu. "Akunyengerera ndi chiyani mayiwa? Akulonjeza kukuluka tsitsi chaka chonse?"

"Sanandiuze kanthu. Kuyambira Lolemba sitinalankhulane."

"Iwe mwana, ukudziwa chimene ukunena? Mawu anga aja sindinabweze. Ofinya ndi ofinya, kaya a m'botolo langa, kaya a m'sokosi mwako. Ngati n'zoona, kiyi uja atsala pano lero."

Kamphuno adavula chingwe m'khosi. Adaika kiyi patebulo, ndipo kulira kwa kiyiyo kudamveka m'nyumba monse.

"Mukanandiuza chifukwa chake tsiku lija, azakhali, sindikanamugwira mwana," adatero. "Koma kubisa ndinabisa ndine."

Azakhali adayang'ana mkono wawo umene udali ukadali wopinda, mzere wakuda uja uli poyera.

Achimwene adatembenukira kwa akazi awo. "Ngati zili choncho, ikani chikwamacho kuchipinda. Titengere mwana kuchipatala tonse awiri, monga munanenera poyamba."

"Kuchipatala ndipita, chifukwa mwanayu ndi wanga," adayankha alamu. "Koma chikwamachi musachigwire. Masiku atatu ndakhala ngati mfiti m'nyumba muno. Amene anabwera kudzabwereka sefa aja mukawauza ndinu khomo ndi khomo? Ndipo mawa mwana akadzagwa n'kutupa pachipumi, mudzayeza dzanja la ndani?"

Alamuwo adawerama n'kugwira chogwirira cha chikwama, ndipo sadachisiye.

"Ine sindikhulupirira mpaka ndione ndi maso angawa," adatero azakhali, ngati munthu wogwira udzu pomira.

Kamphuno adagwada pafupi ndi achimwene ake. "Bwana, tatembenuka," adatero mofatsa. Mwanayo adatembenuka, nati, "Mama." Kamphuno adakweza kamalaya kaja. Adatambasula dzanja lake la kumanja n'kulisendeza pang'onopang'ono, osagunda timatuza.

Chikhatho chidakwana pachikhatho. Zala zinayi zidagona m'mizere yake. Chala chaching'ono chonyanyala chija, chimene chidathyoka pa netibo, chidapatukira pambali, ndendende pamene chidindo chidapatukira.

Dzanja la pamsana pa Bwanamkubwa lidali la Kamphuno.